Nambala 2,147,483,647: mafunso ndi mayankho

Olemba mapulogalamu a pakompyuta nambala iyi amaidziwa pamtima, ndipo kawirikawiri amakumana nayo zinthu zikawavuta. Akatswiri a masamu anayamba kulimbana nayo zaka zoposa 400 zapitazo, kompyuta kulibe n'komwe. Magulu awiriwa amaitchula pa zifukwa zosiyana, ndipo chisokonezo chambiri chimabwera anthu akaganiza kuti zifukwazo ndi chimodzi.

Kodi nambalayi ndi yaikulu bwanji?

Poiwerenga timati 2 biliyoni, 147 miliyoni, 483 sauzande ndi 647. Ili ndi madijiti khumi. Mutati muzitchula nambala imodzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku osapuma, mungaifike patatha masiku 24,855, maola atatu, mphindi 14 ndi masekondi 7, zomwe ndi zaka 68 ndi masiku ochepa.

Komatu musachite nayo mantha kwambiri. Anthu a padziko lapansi anakwana 8 biliyoni mu 2022, kutanthauza kuti nambalayi singakwane kuwerengera anthu onse. Akanakhala makwacha n'kuwagawira anthu 17.5 miliyoni amene anapezeka pa kalembera wa ku Malawi wa 2018, aliyense akanapita kwawo ndi K122 ndi timatambala.

Ikuoneka ngati yongolembedwa mwachisawawa. Imachokera kuti?

Imachokera pa 2. Yambani ndi 2 n'kumawirikiza: 2, 4, 8, 16, 32, mpaka ulendo wa khumi mupeza 1,024, wa 20 mupeza 1,048,576, wa 30 mupeza 1,073,741,824, ndipo wa 31 mupeza 2,147,483,648. Chotsanipo 1, mwapeza nambala yathu. Mwachidule amalemba 2³¹ − 1.

Mungaipezenso pophatikiza 1 + 2 + 4 + 8 mpaka 1,073,741,824. N'chifukwa chake m'kalembedwe ka binary, kamene kamagwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi, nambalayi ndi ma 1 okwana 31 ondondozana, popanda 0 ngakhale mmodzi. Ili ngati 999 m'kalembedwe kamene tinazolowera: malo onse adzaza, mukawonjezera 1 pafunika malo atsopano. Mu hexadecimal, kalembedwe kena ka manambala kamene olemba mapulogalamu amagwiritsa ntchito, amalemba 7FFFFFFF.

Kodi ndi nambala ya prime?

Inde. Nambala ya prime ndi nambala yoposa 1 imene singagawike bwinobwino ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Nambala 2,147,483,647 ili choncho: mugawe ndi nambala iliyonse pakati pa 2 ndi 2,147,483,646, patsala kanthu. Mukandandalika ma prime onse kuyambira pa 2, iyi imakhala ya nambala 105,097,565.

Njira za kusukulu zimangochotsa zochepa. Ikuthera ndi 7, choncho 2 ndi 5 saigawa. Madijiti ake akaphatikizidwa amakwana 46, ndiye 3 ndi 9 saigawa, onse amasiya 1. Kupitirira apa ntchito ndi yaikulu.

Popanda kompyuta, anatsimikiza ndani kuti palibe nambala yoigawa?

Leonhard Euler, katswiri wobadwira ku Basel, m'kalata imene analembera Daniel Bernoulli mu 1772. Pa nthawiyo n'kuti ali ku St Petersburg ndipo maso ake atatsala pang'ono kuferatu.

Ena anali atanenapo kale, koma mongoganizira. Pietro Cataldi wa ku Bologna anatsimikiza mu 1588 kuti 2¹⁷ − 1, yomwe ndi 131,071, komanso 2¹⁹ − 1, yomwe ndi 524,287, ndi ma prime. Atakomedwa, ananenanso kuti 23, 29, 31 ndi 37 nawo, akaikidwa pa malo a 17 ndi 19, atulutsa ma prime, osayesa. Pa anayiwo analondola pa 31 pokha. Pierre de Fermat anagwetsa 23 ndi 37 mu 1640, ndipo Euler yemweyo anagwetsa 29 posonyeza kuti 536,870,911 ndi 233 × 1,103 × 2,089. Munthu amene waphonya katatu pa kanayi sitinganene kuti anadziwa za 31.

Chimene Euler anachita n'choyenera kuchimvetsa, chifukwa sanagawe ka 2 biliyoni. Choyamba, nambala ikakhala yogawika imakhala manambala awiri ochulukitsidwa, ndipo awiriwo sangakhale aakulu onse. Poti 46,341 × 46,341 ndi 2,147,488,281, yomwe yapitirira kale nambala yathu, ndiye kuti ngati ilipo nambala yoigawa, yocheperayo siposa 46,340. Apa ntchito yatsika kuchoka pa mabiliyoni kufika pa masauzande. Chachiwiri, n'kokwanira kuyesa ma prime okhaokha, ndipo m'munsi mwa 46,341 alipo oposa pang'ono 4,700.

Chachitatu chinachokera kwa Fermat. Iye anapeza kuti p akakhala prime woposa 2, prime aliyense wogawa 2ᵖ − 1 amasiya 1 mukamugawa ndi 2p. Onani 2¹¹ − 1, yomwe ndi 2,047, kapena kuti 23 × 89: 23 ndi 22 + 1, ndipo 89 ndi 88 + 1, pomwe 88 ndi 22 kanayi. Pa nambala yathu ndiye kuti woigawa aliyense ayenera kusiya 1 akagawidwa ndi 62. Euler anawonjezera lamulo lina lakuti wogawayo ayeneranso kusiya 1 kapena 7 akagawidwa ndi 8. Malamulo awiriwa akakumana amasiya manambala a mitundu iwiri yokha, 248n + 1 ndi 248n + 63, pomwe n ndi nambala yathunthu iliyonse. M'munsi mwa 46,341 manambala otere safika 400, ndipo ambiri mwa iwo si ma prime: 63, 249, 497 ndi 559 amagwa msanga, woyamba woyenera kumuyesa ndi 311. Otsalawo ndi ochepa moti munthu wakhama atha kuwamaliza ndi pensulo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene amagawa 2,147,483,647.

Kwa zaka makumi angapo pambuyo pake, mpaka mkati mwa zaka za m'ma 1800, panalibe prime wina wodziwika woposa ameneyu.

Ndiye tinene kuti 2 akawirikizidwa kangapo n'kuchotsapo 1 timapeza prime nthawi zonse?

Ayi, ndipo zimachitika kamodzikamodzi. Ngati chiwerengero cha ma 2 si prime, zotsatira zake sizingakhale prime: 2⁴ − 1 ndi 15, 2⁶ − 1 ndi 63, 2⁹ − 1 ndi 511, yomwe ndi 7 × 73. Chikakhala prime mwayi ulipo, koma 2,047 watisonyeza kale kuti mwayiwo si lonjezo.

Manambala a mtundu wa 2ᵖ − 1 amatchedwa ndi dzina la Marin Mersenne, wansembe wa ku France amene ankalemberana makalata ndi akatswiri ambiri a nthawi yake. Mu 1644 iye analemba kuti pa ma p onse mpaka 257, otulutsa prime ndi 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19, 31, 67, 127 ndi 257. Mndandandawu unali ndi zolakwika zisanu. Anaikamo 67 ndi 257 amene sayenera, n'kusiya 61, 89 ndi 107 amene ayenera. Kuti zonsezi ziwongoledwe panapita zaka pafupifupi 300. Nkhani imene aphunzitsi amakonda kufotokoza ndi ya Frank Nelson Cole, amene mu 1903 pa msonkhano wa akatswiri a masamu ku New York anasonyeza pa bolodi kuti 2⁶⁷ − 1 ndi 193,707,721 × 761,838,257,287.

Pa ma prime a Mersenne, 2,147,483,647 ndi wachisanu ndi chitatu. Am'mbuyo mwake ndi 3, 7, 31, 127, 8,191, 131,071 ndi 524,287. Wotsatira wake ndi 2⁶¹ − 1, amene Ivan Pervushin wa ku Russia anamutsimikiza mu 1883.

Ilinso m'magulu ena ati?

Gulu losowa kwambiri ndi ili: 31 nayenso ndi prime wa Mersenne, chifukwa ndi 2⁵ − 1. Prime wa Mersenne amene chiwerengero cha ma 2 ake ndi prime wa Mersenne amatchedwa double Mersenne, ndipo odziwika alipo anayi okha: 7, 127, 2,147,483,647 ndi 2¹²⁷ − 1.

Monga prime aliyense, ili m'gulu la manambala operewera, amene owagawa ake, kupatula nambalayo, akaphatikizidwa safika pa nambalayo. Apa woigawa ndi 1 yekha. Ilibenso prime mnzake wosiyana naye ndi 2 monga mmene alili 11 ndi 13, chifukwa 2,147,483,645 imagawika ndi 5 ndipo 2,147,483,649 imagawika ndi 3. Ma prime oyandikana nayo ndi 2,147,483,629 kumunsi ndi 2,147,483,659 kumtunda.

Pa nkhani ya masikweya, manambala amene timapeza tikachulukitsa nambala ndi iyo yomwe monga 4, 9 ndi 16, ndi youma mutu. Ikagawidwa ndi 4 imasiya 3, choncho singalembedwe ngati masikweya awiri ophatikizidwa. Ikagawidwa ndi 8 imasiya 7, ndipo lamulo la Legendre limati nambala yotere singalembedwenso ngati masikweya atatu. Lagrange anatsimikiza mu 1770 kuti anayi amakwanira pa nambala iliyonse, ndipo apa zikuoneka chonchi: 46,339² + 425² + 10² + 1². Yesani pa kakyuleta.

Ndamva kuti ikukhudzana ndi manambala angwiro. Ndi chiyani chimenecho?

Nambala yangwiro ndi imene owigawa ake, kupatula iyo yomwe, akaphatikizidwa amabweza nambala yomweyo. 6 ndi 1 + 2 + 3. 28 ndi 1 + 2 + 4 + 7 + 14. Euclid anasonyeza kalekale kuti 2ᵖ − 1 akakhala prime, mukamuchulukitsa ndi 2ᵖ⁻¹ mupeza nambala yangwiro: 3 × 2 ndi 6, 7 × 4 ndi 28, 31 × 16 ndi 496, 127 × 64 ndi 8,128. Euler anadzatsimikiza kuti nambala yangwiro iliyonse yogawika ndi 2 imachokera m'njira yomweyi, palibenso ina.

Nambala yathu si yangwiro, koma imabala yangwiro: 2,147,483,647 × 1,073,741,824 ndi 2,305,843,008,139,952,128, nambala yangwiro yachisanu ndi chitatu. Mu 1811 katswiri wa ku England Peter Barlow analemba kuti mwina palibe amene adzavutike kufunafuna ina yoposa imeneyi, poti manambala otere ndi ongosangalatsa, opanda ntchito. Mmene zaka 150 zimatha kuchokera pamenepo, n'kuti enanso oposa khumi atapezeka.

Lero munthu angaiyese bwanji mosavuta?

Pali njira ya Lucas ndi Lehmer, imene Édouard Lucas anaiyamba m'ma 1870 ndipo Derrick Lehmer anaikonza m'ma 1930. Mumayamba ndi 4. Pa sitepe iliyonse mumachulukitsa nambala imene muli nayo ndi iyo yomwe, n'kuchotsapo 2, kenako n'kugawa ndi nambala imene mukuyesayo ndi kusunga chotsala. Mumabwereza ka p − 2. Mukathera pa 0 ndiye kuti ndi prime, apo ayi si prime.

Tiyese ndi 31, pomwe p ndi 5, masitepe atatu. 4 × 4 − 2 ndi 14. 14 × 14 − 2 ndi 194, ndipo mukagawa ndi 31 patsala 8. 8 × 8 − 2 ndi 62, amene 31 amamugawa osasiya kanthu. Tathera pa 0. Pa 2,147,483,647 masitepe ndi 29 okha. Njirayi imakuuzani kuti nambala ndi yogawika koma sikuuzani woigawa, n'chifukwa chake Lucas anadziwa mu 1876 kuti 2⁶⁷ − 1 si prime, koma owigawa anadikira Cole.

Nanga n'chifukwa chiyani imatulukira m'makompyuta?

Kompyuta imasunga nambala m'timalo totchedwa ma bit, ndipo bit iliyonse imakhala 0 kapena 1. Kwa zaka zambiri muyeso wofala wosungira nambala yathunthu wakhala ma bit 32. Ma bit 32 atha kusanjidwa m'njira 4,294,967,296. Poti manambala a m'munsi mwa 0 amafunikanso, njirazo amazigawa pakati. Theka limodzi limatenga −1 mpaka −2,147,483,648. Theka linalo liyenera kusungiranso 0 malo, ndiye limathera pa 2,147,483,647. Kumeneko ndi kumene 1 wochotsedwa uja amapita.

M'zilankhulo zolembera mapulogalamu monga Java ndi C#, nambala ya mtundu wa int imathera pamenepa. Mu C nthawi zambiri zimakhalanso choncho, ndipo malirewo amawatcha INT_MAX.

Chimachitika n'chiyani mukawonjezera 1?

Zimakhala ngati mita yowerengera makilomita m'galimoto yakale ikafika pa 99999 n'kubwerera pa 00000, kungoti apa sibwerera pa 0. Bit ya kumanzere kwenikweni, imene imasonyeza kuti nambala ili m'munsi mwa 0, imasanduka 1, ndipo kompyuta imawerenga −2,147,483,648. Mapulogalamu ena amakana n'kuima, ena amangokakamira pa 2,147,483,647.

Zachitikapo poyera. Mu Disembala 2014 a YouTube analengeza kuti anasamutsira kawerengedwe ka owonera ku ma bit 64, chifukwa kanema wa nyimbo ya Gangnam Style anali atayandikira malirewa. Pa 1 Januwale 2022 maimelo anaima m'maofesi ambiri ogwiritsa ntchito Microsoft Exchange, chifukwa pulogalamu yoyeza ma virus inkalemba deti ngati nambala imodzi, ndipo 2201010001 ndi yoposa 2147483647, pomwe madeti onse a 2021, oyamba ndi 21, ankakwana. Mu 2015 bungwe loyang'anira za ndege ku America, FAA, linalamula kuti magetsi a ndege za Boeing 787 azizimitsidwa pakapita nthawi, chifukwa zipangizo zoyendetsa majenereta zikanatha kuzima zonse pamodzi zitayaka masiku 248 osalekeza. Mukagawa sekondi pa 100 n'kuwerenga tizigawo 2,147,483,647, mupeza masiku 248 ndi theka. Musasokoneze 248 ameneyu ndi wa Euler uja, amene ndi 8 × 31. Angofanana basi.

Za 2038 zimene anthu amanena n'zoona?

Vuto lilipo, ngakhale si chimaliziro cha dziko. Makompyuta a mtundu wa Unix amawerenga nthawi ngati masekondi amene adutsa kuchokera pakati pa usiku pa 1 Januwale 1970, nthawi ya UTC, yomwe ndi nthawi imene mayiko onse amayenderapo. Sekondi ya nambala 2,147,483,647 idzakwana pa 19 Januwale 2038 nthawi ya 03:14:07 UTC, pamene ku Lilongwe, Chipata ndi Tete idzakhala 05:14:07 m'mawa. Chipangizo chimene chidzakhale chikusungabe nthawi m'ma bit 32 chidzalumphira m'mbuyo pa 13 Disembala 1901.

Mafoni ndi makompyuta ambiri a masiku ano amasunga kale nthawi m'ma bit 64. Nkhawa ili pa zipangizo zimene zimaikidwa kamodzi n'kuiwalika, monga za m'mafakitale ndi m'magalimoto, ndiponso pa mafayilo ndi ma database amene anakonzedwa kalekale. Ndipo vutoli silidikira 2038 kuti liyambe. Pulogalamu yowerengera ngongole ya zaka 20 imafunika madeti a pambuyo pa chaka chimenecho lero lomwe.

Ine ndimalemba timapulogalamu tating'ono. Zingandikhudze?

Mosavuta, ndipo m'njira ziwiri. Nambala ya foni ya ku Malawi yopanda 0 wa kutsogolo ili ndi madijiti 9 ndipo imakwana mu int. Mukaikako 265 imakhala ndi madijiti 12, sikwananso. Mukadzaona ma kasitomala ambiri mu database ali ndi nambala ya foni yofanana, 2147483647, chifukwa chake n'chimenechi. Nambala ya foni muziisunga ngati mawu, poti palibe amene amaphatikiza manambala a foni.

Njira yachiwiri ndi ndalama. Ndi nzeru yabwino kusunga ndalama m'matambala kuti mupewe madesimo, koma matambala 2,147,483,647 ndi K21,474,836.47 basi. Mtengo wa galimoto imodzi kapena malipiro a mwezi umodzi a kampani yaing'ono atha kudutsa pamenepa. Gwiritsani ntchito ma bit 64, amene malire ake ndi 9,223,372,036,854,775,807.

Ndiye opanga makompyuta anaisankha chifukwa ndi prime?

Ayi. Iwo anasankha 32 chifukwa ndi ma byte anayi a ma bit 8, ndipo bit imodzi itapita kosonyeza manambala a m'munsi mwa 0 panatsala 31. Kuti 2³¹ − 1 ndi prime zinangochitika. Umboni wake ndi miyeso inayo. Pa ma bit 16 malire ndi 32,767, amene ndi 7 × 31 × 151. Pa ma bit 64 malire ndi 2⁶³ − 1, amene 7 ndi 127 amamugawa, poti 63 si prime. Makompyuta onsewo amagwira ntchito bwinobwino.

Malo amene mbali ziwirizi zimakumanadi ndi popanga manambala ooneka ngati amaere. Njira imene Lehmer anaiyambitsa ndi yotenga nambala, kuichulukitsa ndi nambala ina yosasintha, kugawa ndi nambala yaikulu, n'kusunga chotsala ngati nambala yotsatira. Kuti manambalawo asabwerezeke msanga, yogawirayo ndi bwino ikhale prime, ndipo kuti ntchito ifulumire iyenera kukwana m'ma bit 32. Apa 2,147,483,647 inali ngati yochita kuitanitsa. Mu 1988 Stephen Park ndi Keith Miller analimbikitsa kuti anthu azichulukitsa ndi 16,807, amene ndi 7⁵. Mukayamba ndi 1 mupeza 16,807, kenako 282,475,249, kenako 1,622,650,073, ndipo mudzadutsa pa nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 2,147,483,646 kamodzi kokha musanabwerere pa 1. Izi zimatheka chifukwa cha mmene 2,147,483,646 imagawikira, 2 × 3² × 7 × 11 × 31 × 151 × 331: mulibe 5, choncho 7⁵ amasunga khalidwe la 7 loyendera manambala onse. Njirayi ilipobe mu C++ ndi dzina lakuti minstd_rand0. Ndi yothandiza pa masewera ndi zoyeserera, koma si yotetezera chinsinsi, chifukwa wodziwa nambala imodzi atha kupeza zonse zotsatira.

Poyerekeza ndi ma prime odziwika lero, ili pati?

Ili pansi kwambiri. Prime wa Lucas wa 1876, 2¹²⁷ − 1, ali ndi madijiti 39, ndipo ndiye wamkulu pa onse amene anatsimikizidwa ndi manja. Mu 1952 Raphael Robinson, pogwiritsa ntchito kompyuta, anapeza ma prime a Mersenne asanu m'chaka chimodzi. Kuyambira 1996 ntchitoyi ikuyendetsedwa ndi GIMPS, gulu limene George Woltman analiyambitsa, lomwe anthu wamba amabwereketsa makompyuta awo kudzera pa intaneti. Mu Okutobala 2024 Luke Durant wa m'gululi anapeza prime wa Mersenne wa nambala 52 pa odziwika, amene p wake ndi 136,279,841 ndipo ali ndi madijiti 41,024,320.

Nanga titatenga ma 2 okwana 2,147,483,647 n'kuchotsapo 1, tingapeze prime?

Chiyembekezocho n'chomveka, poti 3 anabala 7, 7 anabala 127, ndipo 31 anabala nambala yathu. Koma mzere wa 31 umathera pomwepa. Nambala imeneyo ili ndi madijiti oposa 646 miliyoni, ndipo si prime. Sanachite kuiyesa ndi njira ya Lucas ndi Lehmer, imene ikanafuna masitepe oposa 2 biliyoni pa nambala yaitali choncho. Anagwiritsa ntchito lamulo la Fermat lomwe lija, lakuti woigawa ayenera kusiya 1 akagawidwa ndi 2 × 2,147,483,647, n'kumayesa manambala a mtundu umenewo mpaka ena anapezeka akuigawa. N'chimodzimodzi ndi 8,191, 131,071 ndi 524,287: onse sabala prime. Woyamba amene sizinadziwikebe mpaka lero ngati amabala prime ndi wa Pervushin, 2⁶¹ − 1.